Kavalo wakuda pa chipewa cha mwana wanu

TETE – Aliyense amene watsika chapa pa Matema masiku ano, pochokera ku Zóbuè kapena ku Ulónguè, waziona zipewa zofiira zija. Anyamata a njinga zamoto amazivala. Ogulitsa m'mbali mwa msewu amazivala. Pa mulu wa kaunjika sizichedwa kutha. Kutsogolo kwa chipewacho kuli kavalo wakuda, woimirira ndi miyendo yakumbuyo, pa kachishango kachikasu. Ena mwa inu makolo mwagulira ana anu zipewazi musakudziwa kuti kavaloyo ndi wa yani.

Kavaloyo ndi chizindikiro cha Ferrari, kampani ya ku Italy yopanga magalimoto a liwiro. Mukawafunsa anyamatawo, dzina limene amatchula msanga ndi la Lewis Hamilton, Mngelezi wakuda amene wakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa Formula 1 kasanu ndi kawiri. Mu 2025 Hamilton anayamba kuyendetsa Ferrari. Chaka cha 2024 anafika kuno ku Mozambique, nakacheza ndi othawa nkhondo pa msasa wa Maratane m'chigawo cha Nampula. Wakhala akunena poyera kuti mpikisanowu uyenera kubwerera ku Africa, kumene unachitika komaliza mu 1993 pa bwalo la Kyalami, kufupi ndi Joni. Ndiye anyamata athu sakulakwa kumukonda. Koma nkhani ya kavaloyu m'dziko muno ndi yaitali kuposa Hamilton, ndipo mbali ina ya nkhaniyi inakhudza thumba la aliyense wa ife.

Tiyambe ndi mwini wake. Enzo Ferrari anabadwa mu 1898 mumzinda wa Modena, namwalira mu 1988. Poyamba anali woyendetsa magalimoto a mpikisano a kampani ya Alfa Romeo. Mu 1929 anakhazikitsa gulu lake la mpikisano, ndipo galimoto loyamba lokhala ndi dzina lake linatuluka mu 1947 m'tawuni ya Maranello. Kavalo uja anali wojambulidwa pa ndege ya msilikali wina, Francesco Baracca, amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amayi ake a msilikaliyo ndiwo anauza Ferrari kuti amuike pa magalimoto ake. Inu alimi mudziwenso ichi: mpikisani wamkulu wa Ferrari, Ferruccio Lamborghini, analemera ndi mathirakitala. Magalimoto a liwiro anayamba kuwapanga mu 1963, atakhuta kale ndalama za m'munda.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti dziko lathu linali ndi mipikisano yake. M'nthawi ya Apwitikizi, kuyambira 1958 mpaka 1971, ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, kunkachitika mpikisano waukulu wotchedwa Grande Prémio de Moçambique. Oyendetsa ankachokera ku South Africa ndi ku Rhodesia, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 magalimoto awo ambiri anali ndi injini za Alfa Romeo. Kunalinso mpikisano wa maola atatu, umene unkatsatana ndi wa maola asanu ndi anayi wa ku Kyalami. Ku Kyalami kumeneko Ferrari inkalamulira. Mngelezi David Piper anapambana mu 1962 ndi mu 1963 ali mu Ferrari ya mtundu wa 250 GTO. Dzina limeneli mulisunge, tibwererako. Mu 1979 Jody Scheckter wa ku South Africa anakhala katswiri wa dziko lonse ali mu Ferrari, ndipo kampaniyo inadikira mpaka chaka cha 2000 kuti ipezenso katswiri wina. Magalimoto a Alfa Romeo ankalumikizidwa ku Brits ku South Africa mpaka 1985, ndiponso pa fakitale ya Willowvale ku Salisbury. Agogo athu amene anakagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni anawaona magalimotowa ndi maso awo. Ena anawatsuka.

Pamenepo mpamene pali funso. Chisangalalo chimenechi chinali cha yani? Pamene injini zinkalira ku Lourenço Marques, kuno ku Tete anthu ankakumbukira chibalo ndi thonje lokakamiza, ndipo kenaka ankasonkhanitsidwa m'midzi yotchingidwa ndi waya. Mu Novembala 1972 Ferrari inapambana ku Kyalami, anthu akuomba m'manja. Mwezi wotsatira, pa 16 Disembala, asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, mtunda wochepa kuchokera mumzinda uno. Sindikunena kuti galimoto linapha munthu ku Wiriyamu. Ndikunena kuti amene amati nthawi ya mipikisano inali nthawi yabwino, ayambe anena kuti inali yabwino kwa yani.

Tibwerere ku 250 GTO ija. Kampani inapanga magalimoto 36 okha a mtundu umenewo, pakati pa 1962 ndi 1964. Lero anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America amawasunga m'nyumba zofunda, monga mmene ena amasungira golide. Mu 2018 limodzi linagulitsidwa pa okushoni ku America pa mtengo wa madola 48.4 miliyoni. Tikawerenga dola imodzi pa meticais 64, ndalamazo zikupitirira meticais 3 biliyoni. Galimoto limodzi, la mipando iwiri, lopanda malo oikapo ngakhale thumba la chimanga. Kuti mumvetse bwino, kumbukirani kuti kampani ya Vale inagulitsa mgodi wa malasha wa Moatize pamodzi ndi njanji ya ku Nacala kwa Vulcan pa mtengo wa madola 270 miliyoni, malonda amene anatsirizika mu 2022. Ndiye kuti magalimoto akale asanu ndi limodzi akanagula mgodi umene unasamutsa mabanja oposa 1,000 kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro.

Munthu amene wapeza ndalama zake moyera ali ndi ufulu wogula chimene akufuna. Makaniko aliyense angakuuzeni kuti injini ya masilinda 12, yopangidwa ndi manja a amisiri, ndi chinthu chokongola kuchiona ndi kuchimva. Vuto ndi lakuti kuno kwathu dzina la Ferrari silinamveke kwambiri pa bwalo la mpikisano. Linamveka m'khoti.

Mukukumbukira mlandu wa ngongole zobisika. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola ndalama zoposa madola 2 biliyoni, boma likulonjeza kuti lidzabweza ngati iwo alephera, Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Ankati ndi za maboti ophera nsomba ndi olondera nyanja. Zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti ya boma. Metical inagwa. Dola imene inali pa meticais 45 kapena kupitirira pang'ono kumayambiriro kwa chakacho inayandikira 80 chaka chisanathe, ndipo mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 25 pa 100 iliyonse. Inu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga munaziona pa mtengo wa feteleza, sopo ndi mafuta ophikira. Amene amasintha ndalama pa malire anaziona tsiku lililonse.

Mlandu unayamba pa 23 Ogasiti 2021, mu tenti yaikulu pa ndende ya ku Machava, ndipo unkaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema. Oimira boma anauza khoti kuti Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale Armando Guebuza, analandira madola 33 miliyoni a ziphuphu, ndipo kuti zina mwa ndalamazo anagulira nyumba ndi magalimoto odula ku South Africa, kuphatikizapo Ferrari. Iye anakana mlanduwo. Pa 7 Disembala 2022 woweruza Efigénio Baptista anamupeza wolakwa namugamula zaka 12, ndipo mwa anthu 19 oimbidwa mlandu, 11 anapezeka olakwa. Yemwe anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Maboti aja anakhala zaka zambiri pa doko la Maputo akuchita dzimbiri.

Si ife tokha. Mu 2019 boma la Switzerland linagulitsa magalimoto 25 amene linalanda kwa Teodorin Obiang, mwana wa pulezidenti wa Equatorial Guinea. Munali ma Ferrari ndi ma Lamborghini, ndipo anapeza madola pafupifupi 27 miliyoni. Chifukwa chake magalimotowa amakondedwa ndi anthu otere si liwiro lokha. Galimoto losowa silitsika mtengo ngati Hiace yanu. Limakwera. Limasamuka dziko mosavuta kuposa nyumba, ndipo lingalembedwe m'dzina la munthu wina. Ndi nkhokwe yoyenda ndi matayala.

Nanga litabwera pa Matema lingayende? Pansi pake mpafupi kwambiri ndi nthaka, moti chitunda choyamba cha pamsewu chingaling'ambe mimba. Onjezani maenje, fumbi la malasha, kutentha kwa Okutobala kumene kumapitirira madigiri 40, ndi mathiraki olemera amene amadutsa usana ndi usiku kupita ku Moatize ndi ku Malawi. Ndipo ndi bwino kuti silingathamange pano. Italy mwiniwake analiphunzira phunziro limeneli ndi maliro. Mpikisano wawo wotchuka wa Mille Miglia unkadutsa m'misewu ya anthu onse, pakati pa midzi, kuyambira 1927. Mu 1957 tayala la Ferrari linaphulika pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo. Anafa woyendetsa, mnzake, ndi anthu asanu ndi anayi oonerera, asanu mwa iwo ana. Mpikisano wa liwiro umenewo unathera pomwepo. Msewu wathu wa N7 nawonso umadutsa pakati pa nyumba, misika ndi masukulu, ndipo mnyamata wa chipewa chofiira akakweza amayi ndi mwana pa njinga yamoto alibe chisoti cholimba, zovala zosapsa ndi moto, ndi madokotala oima pambali, zimene Hamilton ali nazo.

Komabe pali galimoto lina la magazi a ku Italy limene limakhala nafe tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amalivalira chipewa. Ndi txopela. Mu 1948, nkhondo yachiwiri itangotha ndipo anthu a ku Italy ali pa umphawi, kampani ya Piaggio inatenga njinga yake yamoto ya Vespa, kutanthauza mavu, niika matayala awiri kumbuyo kuti amalonda ang'onoang'ono azinyamulira katundu. Analitcha Ape, kutanthauza njuchi. Pambuyo pake kampani ya Bajaj ya ku India inayamba kupanga timagalimoto timeneti ndi chilolezo cha Piaggio, ndipo kuchokera ku India tinafalikira ku Africa. Dzulo masana ndinawerenga matumba anayi a makala, amayi awiri ndi nkhuku zomangidwa miyendo mu txopela imodzi, ikulunjika ku mlatho wa Samora Machel.