Thanga la Akulu, Mawondo a Mwana

Inu nonse amene munaima pa gombe kuonera mpikisano wa mabwato a matanga Loweruka lija, mwera ukuwomba monga uchitira m'mwezi wa Julayi, munaona ndi maso anu chimene ine ndinaona, kotero sindikutopetsani ndi kubwereza za amene anatsogola ndi amene anatsalira. Chimene chandisowetsa tulo chibwerereni kuno ku Thambani ndicho mnyamata wathu uja, amene anzake anachita kumunyamula pomutulutsa m'bwato, mawondo atakana kuwongoka, pamene akuluakulu a mpikisano, ali khale pamthunzi ndi zoziziritsa kukhosi, anali kumuombera m'manja ndi kumutcha mwamuna wolimba mtima. Kulimba mtima kumeneko ngwabwino ndithu pouyang'ana uli pampando, pakuti chili kwa mnzako umati chigwire nyanga.

Bwato la mtundu wa Laser, limene lakhala likupikisana pa masewera a Olimpiki kuyambira 1996, ndi kanthu kopepuka, ka mamita 4 ndi kachidutswa m'litali, kolemera pafupifupi makilogalamu 59, ndipo lilibe chitsulo cholemera kunsi choti chiliimike chilili; mphepo ikadzaza thanga ndi kulipendeketsa, palibenso china cholibweza koma thupi la mwini wake, amene amakola mapazi pansi pa lamba wa pakati pa bwato, ntchafu zili pamphepete, nalendewera chagada pamwamba pa madzi. Amene analikonza bwatoli, podziwa kuti anthu sanalengedwe ndi msinkhu umodzi, anapereka matanga atatu pa bwato limodzimodzilo: lalikulu la masikweya mita 7.06, loyenera mwamuna wa makilogalamu 80 kapena kuyandikira pamenepo, lapakati la 5.76, ndi laling'ono la 4.7 la achinyamata. Kusintha kwake sikulira kugula bwato lina ayi. Ungosintha thanga ndi chigawo cha kunsi cha mlongoti, basi. Nanga ndani, mwa anzeru onse aja ovala zipewa zofanana, amene anayang'ana mwana wongoposa pang'ono thumba la chimanga kulemera kwake, nayang'ananso mafunde a mwera, nati m'mtima mwake, uyu timupatse thanga lalikulu?

Koma ngakhale thangalo tilikhululukire, pali lamba. Ndinamuona ine lamba ameneyu bwato lisanalowe m'madzi, ali lende ngati chingwe choyanikapo zovala, ndipo ndinatchula. Anandiyankha ndi maso amene anthu a m'tauni amayang'ana nawo munthu wochokera kumapiri akayamba kulankhula za nyanja. Lamba akakhwepa, mapazi amakwera m'mwamba, matako amagwera kunja kwa bwato, bondo limapindika, ndipo minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene yakungika osapuma kwa mphindi zambirimbiri, imakanikizira kafupa kophimba bondo pa fupa la ntchafu monga mwala wamphero ukanikizira mawere. Onjezanipo chizolowezi chija cholozetsa zala za kumapazi m'kati, chimene chimalimbitsa mnofu wa kunja kwa ntchafu ndi kusiya wa m'kati uli wofooka, kufikira kafupako kayamba kukokedwera pambali ndi kukhula pamene sikayenera kukhula. Onjezaninso fundwe lililonse limene bwato limenya, ndi kugwedeza bondo lopindika kale. Pamenepo mudzazindikira chifukwa chake mwana amene anakwera bwato ndi miyendo yake anatsika pamapewa a anzake. Ife a kuno sitisowa dokotala kutiuza zimenezi, pakuti mayi aliyense amene anatsetserekapo phiri atasenza dengu la manachesi adziwa kuti bondo silidandaula pokwera, koma potsika, pamene lipindika litanyamula katundu.

Ndipo kodi osankha timu athu akadafika kuno n'kamodzi komwe, sakadaona miyendo? Achinyamata a ku Thambani amapalasa njinga zodzaza katundu kukwera zitunda mpaka pa boma la Mwanza, ndipo kupalasa njinga ndiko kumene amalinyero a mipikisano kunja amalimbitsira ntchafu zawo; koma osankhawo msewu wa fumbi amauopa ngati muli mkango, ndipo maso awo amathera pa ana a anzawo a ku ofesi. Mnyamata wathuyu anamutenga chifukwa mwana wa bwana wina anadwala chimfine. Anansi athu a ku Mozambique, amene malire awo tingathe kuwafika ndi miyendo, anatumiza atsikana atatu kukapikisana pa mabwato a matanga pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo m'chaka cha 2021. Ife, eni nyanja yotalika makilomita oposa 500, timatumiza nthumwi ku misonkhano, ndipo zimabwerako zitanenepa, malipiro a ulendo zitalandira, lamba osamangidwa.

Ndimve bwino, sindikunena kuti mnyamatayo alibe pake pomudzudzula. Ululu utayamba akadakhoza kufewetsako chingwe cha thanga, kutayako mphepo, ndi kupumitsa mwendo umodzi uku unzake ukugwira. Koma mwana woleredwa bwino, amene anaphunzitsidwa kuti mawu a akulu sabweza, akauzidwa pa gombe kuti lendewera kufikira kumapeto, adzalendewera ngakhale mafupa alire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, koma chitseko chimenechi anachikhoma ndi akulu omwewo.

Mankhwala ake ngachidule, ndipo ndichita manyazi kuwalemba m'nyuzi. Mangani lamba kuti miyendo ikhale yowongoka, kapena yopindika pang'ono chabe, zala zitaloza kumwamba. M'vekeni mwana kabudula wa timatabwa kunsi kwa ntchafu kuti mphepete mwa bwato musamudule magazi. Asinthanitse miyendo, awongole minofu asanalowe ndi atatuluka. Ikani sikelo pa gombe, ndipo thanga lisankhidwe ndi sikeloyo, osati ndi ulemu wa bwana. Tsono kwa osankha ndili ndi mphatso yapadera. Pakhonde panga pali benchi ya mlombwa imene ndakhomerapo lamba wa chikopa, womasuka bwino monga amamukondera iwo; aliyense wofuna kusankha timu chaka chamawa abwere adzalendewerepo chagada mphindi 20, ine ndikumuombera m'manja ndi kumutcha mwamuna. Mayi a mnyamata uja, amene sabata yonse akhala akumuthowa mawondo ndi madzi ofunda, andilonjeza kuti wotchi adzagwira okha.