Galu Wakuda, Ana Ofiira

Mwezi watha, titatsiriza mapemphero a mphakati ku Kanyama, anandibweretsera mlandu umene pa zaka zanga zonse za ukatekisiti ndinali ndisanaweruzepo. Unali mlandu wa agalu.

Mkristu wina ali ndi galu wamkazi wakuda bii. Anapita naye kwa mnansi wake amene aweta galu wamphongo, wakudanso, nalipira ndalama kuti galu wake atenge bere. Inu awerengi mudziwa kuti m'makomboni mwathu galu wakuda ali ndi malonda, pakuti anthu amati mbala zimamuopa usiku. Patapita miyezi iwiri galuyo anaswa ana 8. Mwa iwo 6 anali akuda, koma awiri anali ofiirira monga agalu wamba a kumudzi.

“Akatekisiti, munthuyu wandidyera masuku pamutu,” anatero mwini galu. “Anandibisira galu wake wabwino nandipatsa wina. Abweze ndalama yanga.” Akazi ake anali ndi nzeru ina: galuyo ali ndi bere anali kugonera bulangete lofiira. Pa nthawiyo mabanja awiriwa anali atasiya kale kupatsana moni, ngakhale moni wa mtendere pa Misa, ndipo tiana tiwirito anali atakonza zokatitaya ku ngalande.

Maganizo a mayiwo ndi akale ndithu. Ngakhale Yakobo, m'buku la Genesis mutu 30, anaika nthyole zosenda pomwera madzi kuti ziweto zibereke ana amawangamawanga. Koma amene anatitsegula maso pa za cibadwa ndi wansembe wa cipani ca Augustino Woyera, Gregor Mendel, wa ku Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 iye anabzala nsawawa m'dimba la nyumba ya cipani cao. Atakwatitsa mbeu yacikasu ndi yobiriwira, ana onse anatuluka acikasu. Koma anawo ataberekanso, kubiriwira kuja kunabwerera: anawerenga njere zacikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001, ndiye kuti imodzi pa zinai zilizonse. Analemba zimenezi mu 1866, koma akatswiri anazindikira kufunika kwake mu 1900, iye atamwalira kale mu 1884.

Cimene anapeza ndi ici. Pa mbali iliyonse ya cibadwa, mwana amalandira timbeu tiwiri, kamodzi kwa atate, kena kwa amai. Lero timbeuti timachedwa majini, koma musaganize za ziwanda ai. Kambeu kena ndi kamphamvu ndipo kamaonekera ngakhale kali kokha. Kena ndi kofatsa: kamabisala, ndipo kamaonekera pokhapokha mwana akakalandira kwa makolo onse awiri.

Ubweya wa galu uli ndi utoto wa mitundu iwiri yokha, wakuda ndi wofiira. Maonekedwe ena onse, otuwa, akhofi, amizeremizere, amacokera pa kuculuka, kucepa ndi kasakanizidwe ka iwiriyi, ndipo pamene pali poyera ndiye kuti utoto sunafikepo konse. Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anapeza kambeu kamene kamadetsa agalu ambiri akuda. Nkamphamvu: kamodzi kokha nkokwanira kuphimba kufiira konse. Comweco galu angathe kukhala wakuda bii kunja, ali ndi kambeu ka kufiira kobisika m'kati, kocokera kwa agogo ake a ku Petauke kapena ku Katete. Agalu awiri otere akakumana, mwana aliyense ali ndi mwai umodzi pa inai wobadwa wofiira. Awiri pa ana 8! Ndinauza anthuwo kuti galu wao anacita masamu bwino kuposa ana ena a sukulu, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene ciwerengero cimagwa ndendende comweci.

Kunena zoona, pali cina cimene sindinabise. Galu wamkazi angathe kuswa tsiku limodzi ana a atate awiri kapena atatu, ngati anakumana ndi amphongo angapo pa masiku ake. Ndinafunsa mwini galu ngati anammanga masabata onse aja. Anayang'ana pansi. Pa ploti pao mpanda ndi wa malata akale, ndipo agalu a m'komboni sadziwa malire. Motero ngati panali galu wina, analowera kwa iye mwini, osati kwa mnansi. Koma mtundu wa ubweya pawokha suli umboni wa kanthu.

Cimene cimandiwawa ncakuti mlandu womwewu umafika ndi pa anthu. Mwana wacialubino amabadwa pamene atate ndi amai onse awiri ali ndi kambeu kobisika kotere, ngakhale onse ali akuda. Komabe amene amanyozedwa ndi kupitikitsidwa pa ukwati ndi mai yekha, pamene theka la cibadwa ca mwanayo licokera kwa bambo amene akuloza cala.

Ndalama sinabwezedwe. Amuna awiriwo anagwirana canza, ngakhale mozizira. Kagalu kamodzi kofiira kanatengedwa ndi amai ena amasiye, kena ndinatenga ine. Kakakwanitsa miyezi itatu ndidzapita nako kukabayitsa katemera wa ciwewe, ndipo ndauza a mphakati kuti akuda aja apite nawonso tsiku lomwelo.