Madzi saiwala khwawa: phunziro la ku Mexico

Abale a kuno kumalire, mkangano wa chikhristu ndi miyambo ya makolo sunayambire kwathu kuno. Tamvani za ku Mexico, dziko la kutsidya kwa nyanja yamchere.

M'chaka cha 1521 asilikali a ku Spain, motsogozedwa ndi Hernán Cortés, anagonjetsa Tenochtitlan, likulu la mtundu wa Aztec. Mu 1524 kunafika amishonale 12 a chipani cha Fransisko Woyera. Akachisi a eni dziko anagumulidwa, ndipo m'malo ambiri miyala yake yomweyo inamangira matchalitchi.

Koma madzi saiwala khwawa. Paphiri la Tepeyac anthu ankapembedzapo mulungu wamkazi wotchedwa Tonantzin, ndiye kuti mayi wathu wolemekezeka. Akatolika amati paphiri lomweli, mu Disembala 1531, Amayi Mariya anaonekera munthu wamba, Juan Diego, nalankhula naye m'chinenero chake cha Nahuatl. Amenewa ndiwo Amayi Mariya a Guadalupe. Patapita zaka zoposa 40, padiri Bernardino de Sahagún anadandaula kuti anthu obwera kuphiriko akuwatchulabe Tonantzin. Iye ankati n'kubisa chikunja. Ife tikuti anthuwo analandira chipembedzo chachilendo pochipatsa dzina lodziwika pakhomo pawo, ndipo n'chifukwa chake chinazika mizu. Mu 1810 padiri Miguel Hidalgo ananyamula chithunzi cha Guadalupe poyambitsa nkhondo ya ufulu, ndipo mu 2002 Papa Yohane Paulo Wachiwiri analengeza kuti Juan Diego ndi woyera.

Onaninso za akufa. Pa 1 ndi 2 Novembala, masiku a Mpingo okumbukira oyera ndi omwalira, mabanja a ku Mexico amalambula manda, n'kuika maluwa achikasu, makandulo ndi chakudya chimene malemu ankakonda. Ambiri mwa iwo amapitanso ku Misa.

Nanga ife? Maliro akagwa m'mudzi, banja limagawanika, ena kumpingo, ena kumwambo, mpaka abale a bere limodzi kukana kudyera pamodzi. Wovutika ndi wamasiye.

Sitikuyamikira nkhanza za atsamunda, ndiponso sitikuti mwambo uliwonse ulowe m'tchalitchi. Pempho lathu n'lakuti apadiri, akatekisiti ndi anyakwawa akhale pamphasa imodzi maliro asanagwe, agwirizane zotsala ndi zochotsa. Wokumbukira agogo ake asathamangitsidwe mumpingo mlandu wake usanamveke.