Ndawala yokumbukira malemu: ndalama zake zipite kuti?

Ku Britain, mabanja omwe adataya m'bale ndi chotupa cha mu ubongo amayenda ulendo wa ndawala, ndalama n'kuzipereka ku kafukufuku kudzera m'mabungwe monga The Brain Tumour Charity. Kuno kwathu chikumbutso nthawi zambiri chimathera pa chiliza, ngakhale a Thomson Mpinganjira, omwe mkazi wawo adamwalira ndi khansa mu 2019, adatsegula International Blantyre Cancer Centre mu 2024.

Nanga banja la ku Mvera litayenda ndawala, ndalamazo zigwire ntchito yanji?

Vuto loyamba ndi kuchedwa. Mutu wowawa kwambiri m'mawa, kusanza, kusaona bwino, kufooka mbali imodzi kapena khunyu lobwera munthu atakula kale, ena amati n'kulodzedwa. Chotupacho chimaoneka pa makina a CT kapena MRI, omwe kuchipatala chaching'ono kulibe. Wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo thiransipoti ndi chakudya cha womudikirira zimalira ndalama.

Wofera kumudzi osapimidwa salowa m'kaundula, ndipo ofufuza samuwerenga. Choncho thumba lofikitsira odwala kuchipatala ndiye poyambira kafukufukuyo.

Mukaona zizindikirozi, thamangirani kuchipatala.