Ntchito ya mathiraki ku America: werengani zotsala, osati zolowa

Mayi wina amene amagulitsa zitenje anandiimitsa sabata yatha ndi foni m'manja. Mwana wawo wamwamuna, yemwe amayendetsa lole yonyamula mchenga, analandira uthenga pa WhatsApp woti ku America akufuna madalaivala a mathiraki pa msewu wa Interstate 80, ndipo pali munthu amene angamukonzere zonse akangolipira kaye ndalama ya mapepala. Funso la mayiwo linali loti: kodi ndigulitse katundu yense wa pa benchi kuti mwanayu apite?

Ndinawayankha kuti ayi. Ntchitoyo iliko ndithu ndipo anthu ambiri akudyetsa nayo mabanja awo. Koma ndalama imene amalemba pa zotsatsazo ili ngati ndalama imene mumawerenga madzulo musanachotse ya mpamba, ya thiransipoti ndi ya chiphaso cha msika. Wamalonda aliyense akudziwa kuti imeneyo si phindu.

Tiyambe ndi msewuwo. Interstate 80, imene amangoitchula kuti I-80, imachokera ku San Francisco kugombe la kumadzulo n'kukathera ku Teaneck m'boma la New Jersey, pafupi ndi mzinda wa New York. Kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 4,670, ngati kuyenda pa msewu kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa maulendo anayi. Imadutsa m'maboma 11, kuphatikizapo Nevada, Utah, Wyoming, Nebraska, Iowa ndi Pennsylvania. Zipatso ndi ndiwo zamasamba za ku California, nyama ya ku Nebraska ndi katundu wa m'mafakitale a ku Ohio, zambiri zimadutsa pamenepa. Ku Walcott, m'boma la Iowa, kuli malo opumulira madalaivala otchedwa Iowa 80, amene anatsegulidwa mu 1964 ndipo lero ali ndi malo oimikapo mathiraki mazanamazana, malo odyera, ometera ngakhale dokotala wa mano. Msewu wotere ndi msika woyenda.

Tsono malipiro. Ofesi ya boma la America yoona za ziwerengero za ntchito inapeza kuti mu 2023 dalaivala wapakatikati wa thiraki yaikulu ankalandira madola opitirira pang'ono 54,000 pa chaka. Mukasintha m'makwacha mutu ukhoza kuzungulira. Koma ndalamayi ndi ya asanadule msonkho, ndipo mwini wake amalipira lendi, chakudya ndi chipatala pa mitengo ya ku America komweko. Chachikulu n'chakuti madalaivala ambiri a maulendo ataliatali salipidwa pa ola kapena pa mwezi. Amalipidwa pa mailosi amene thiraki yayenda. Tayala likaima, ndalama nayo imaima.

Tiyerekeze kuti kampani yalonjeza masenti 60 pa mailo imodzi. Sabata yabwino, dalaivala akayenda mailosi 2,500, apeza madola 1,500. Sabata yotsatira wafika pa nyumba yosungira katundu m'mawa, koma amutsitsira katundu madzulo. Tsiku lina wadikira katundu wobwerera naye. Ku Wyoming chimphepo chaomba, chija chimagwetsa mathiraki opanda katundu wolemera, ndipo msewu autseka. Pa phiri la Donner ku California chipale chofewa chagwa, ayenera kutsika kumanga matcheni ku matayala m'chisanu. Sabata imeneyo wayenda mailosi 1,800 okha, ndipo wapeza madola 1,080, pamene masiku onse asanu ndi awiri anali kutali ndi kwawo, akugona m'thiraki.

Sangabweze nthawi yotayikayo poyendetsa usiku wonse. Lamulo la kumeneko limalola dalaivala kuyendetsa maola 11 okha mkati mwa maola 14, kenako apume maola 10, ndipo asapitirire maola 70 ogwira ntchito pa masiku asanu ndi atatu. Kuyambira mu December 2017 mathiraki ambiri ali ndi kachipangizo kolemba kokha maola amenewa, choncho zonamiza buku zinavuta. Maola odikira pa geti amadya gawo la maola 14 aja. Komanso lamulo la 1938 lokakamiza mabwana kulipira ovataimu silikhudza madalaivala a mathiraki odutsa m'maboma osiyanasiyana. Inu amene munakhalapo tsiku lonse pa benchi mvula ikugwa, kasitomala osabwera, mukuidziwa nkhani imeneyi.

N'chifukwa chake zotsatsa za ntchitoyi sizitha. Bungwe la makampani a mathiraki, American Trucking Associations, lakhala likunena kuti madalaivala akusowa. Koma ziwerengero za bungwe lomwelo zaonetsa kwa zaka zambiri kuti m'makampani akuluakulu a maulendo ataliatali, chiwerengero cha osiya ntchito pa chaka chimafika pafupifupi 90 pa mipando 100 iliyonse. Mukaona shopu imene mwezi uliwonse yamata chikalata chofuna wantchito, simunena kuti mwai wachuluka. Mumafunsa chimene chikuthamangitsa anzanu aja.

Pali msampha wina umene anzathu a kabaza angauzindikire msanga. Makampani ena amauza dalaivala kuti atenge thiraki pa ngongole, azilipira sabata iliyonse, pomaliza idzakhale yake. Kuyambira tsiku limenelo dizilo, matayala, inshuwalansi ndi kukonza zonse ndi zake, koma katundu woti anyamule amasankha ndi kampani yomweyo imene yamukongoza. Thiraki yodzadza, yolemera mpaka matani 36, imamwa lita imodzi pa makilomita osakwana atatu, kotero ulendo umodzi wa I-80 yonse umafuna malita pafupifupi 1,700. Katundu akachepa, ngongole siichepa. Nyuzipepala ya USA Today inafufuza mu 2017 za madalaivala a ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach, n'kupeza kuti ena ankatsala ndi ndalama yosakwana ngakhale dola imodzi pa sabata atadulidwa zonse, ndipo akadwala kapena kulephera kulipira ankalandidwa thiraki, zonse zimene anapereka n'kupita. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale kampani yaikulu si chitsimikizo. Pamene mitengo yonyamulira katundu inagwa mliri wa Covid utatha, kampani ya Yellow, imene inakhala pafupifupi zaka 100, inagwa mu August 2023 ndipo anthu pafupifupi 30,000 anachotsedwa ntchito.

Ndisakokomeze. Pali madalaivala amene zikuwayendera: odziwa ntchito zaka zambiri, onyamula mafuta kapena katundu wapadera, olembedwa ndi makampani onyamula katundu wawowawo ngati Walmart, ndi amene ali m'bungwe la apantchito la Teamsters. Anthu ambiri ochokera ku India, Somalia, Ethiopia ndi kum'mawa kwa Ulaya amanga mabizinesi pa misewu imeneyi. Koma awa anali kale ndi mapepala okhalira ndi kugwira ntchito ku America, ndipo ambiri anayamba ndi chaka chowawa cha malipiro otsika.

Kwa mwana wa mayi aja, khomo lenilenilo ndi lopapatiza. Laisensi ya ku Malawi singayendetse thiraki ya malonda kumeneko. America imavomereza malaisensi otere a ku Canada ndi Mexico okha. Ayenera kuphunzira ndi kukhoza mayeso a laisensi yotchedwa CDL ali komweko, akhale ndi zaka 21, ndipo azitha Chingerezi, lamulo limene analikhwimitsa mu 2025. Mu August chaka chomwecho nduna ya zakunja ya America, a Marco Rubio, analengeza kuti aimitsa kupereka maviza a ntchito kwa madalaivala a mathiraki. M'mwezi womwewo Amalawi ndi a ku Zambia anauzidwa kuti pofuna viza ya alendo azipereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000, ndipo viza imeneyo silola munthu kugwira ntchito. Ndiye munthu wa pa WhatsApp uja akugulitsa chiyani?

Mayi aja ndinawauza kuti mpamba wa zitenje ukudyetsa banja lero, ndipo ukapita sudzabwera ndi uthenga wa pa foni. Ngati mnyamatayo amaikondadi sitiyaringi, akweze laisensi yake kuno, apeze zaka zingapo pa njira za ku Beira, Dar es Salaam kapena Durban, kumene amalonda tonse timadalira mathiraki. Ndipo kulikonse kumene angakafunsire ntchito, kuno kapena kunja, afunse mafunso amene inu mumafunsa musanapikule katundu. Amalipira pa ulendo, pa mtunda kapena pa mwezi? Masiku odikira pa boda kapena pa geti amawerengedwa? Dizilo, tayala lophulika ndi katundu woonongeka amalipira ndani? Akasiya ntchito chaka chisanathe, amutchaja zingati? Mayankho onse alembedwe pa pepala, ndipo ndalama isatuluke m'thumba mwanu ntchito musanaione.