Mwana wanu akanena kuti akusiya masewera a gymnastics

Mu Meyi 2023 mzinda wa Pretoria unalandira mpikisano wa gymnastics wa mayiko a mu Africa. Chaka chotsatira, Caitlin Rooskrantz wa ku Johannesburg ananyamula mbendera ya South Africa limodzi ndi Akani Simbine potsegulira masewera a Olympics ku Paris. Zinthu ngati zimenezi zimakopa ana aang'ono kuyamba masewerawa, amene amafuna kudumpha, kutembenuzika m'mwamba, kulendewera pazitsulo ndi kuyenda pamtanda wopapatiza. Ovuta kusunga ndi ana amene afika zaka 12 mpaka 15. Ngati mumakhala ku Laudium kapena ku Itireleng ndipo mwana wanu amachita masewerawa kusukulu kapena kukalabu, tsiku lina mukhoza kumva akuti, "Amayi, sindipitakonso." Musathamangire kumutchula waulesi, komanso musangovomera n'kuiwala. Nthawi zambiri mawuwo amabisa chifukwa chimene mwana akulephera kuchitchula, ndipo zina mwa zifukwazo n'zofunika chipatala.

Thupi likusintha

Mtsikana akamatha msinkhu amatalika mofulumira, chiuno chimakula, kulemera kumawonjezeka. Zonsezi n'zachibadwa. Koma m'masewera amene thupi lonse limazungulira m'mwamba, kusintha pang'ono kumasokoneza luso limene analiphunzira kwa zaka zambiri. Zimene ankachita mosavuta ali ndi zaka 10 zimayamba kumukanika ali ndi zaka 13, ndipo iye amaganiza kuti watha ntchito, pamene chofunika ndi nthawi yoti azolowere thupi latsopanolo. Anyamata amatha msinkhu mochedwerapo ndipo kukula kumawapatsa mphamvu zapamapewa, n'chifukwa chake vutoli limagwa kwambiri pa atsikana.

Nthawi yomweyi ndi imene mafupa amavulala mosavuta. Kumapeto kwa fupa la mwana kuli kachigawo kofewa kamene fupalo limakulira, ndipo kachigawoka sikapirira kupondedwa mobwerezabwereza. Wochita gymnastics amasenza thupi lonse ndi manja, choncho ululu umayambira polumikizira dzanja ndi mkono. Ena amamva kuwawa m'munsi mwa bondo kapena kuchidendene. Choopsa kwambiri ndi ululu wa m'munsi mwa msana umene umakula mwana akapindikira chagada, chifukwa ukhoza kukhala chizindikiro cha mng'alu waung'ono m'fupa la msana. Ana ambiri amabisa ululu poopa kuchotsedwa pa mpikisano, kenako amangosiya masewerawo osanena chilichonse. Kusiyako sikuchiza fupa limene silinapimidwe. Ululu umene watha masabata awiri, umene ukumudzutsa usiku kapena kumutsimphinitsa, upite nawo ku kiliniki m'malo momangoupondereza ndi mapiritsi.

Chakudya ndi msambo

Apa m'pamene ndikupempha kuti mutchere khutu kwambiri. Kwa zaka zambiri masewerawa ankalemekeza thupi laling'ono ndi lopyapyala, mpaka mu 1997 bungwe loyang'anira gymnastics padziko lonse linakweza zaka zolowera mipikisano ya akuluakulu kufika pa 16 pofuna kuteteza ana. Maganizo akalewo sanathe m'mitu ya anthu onse. Mtsikana amene wauzidwa kuti wanenepa, kapena amene wangodziyerekeza ndi anzake, amayamba kudumpha chakudya pamene akuchita masewera maola ambiri pasabata. Thupi likamawotcha mphamvu zoposa zimene likulandira, limayamba kusiya ntchito zina: msambo umachedwa kapena kuima, mafupa amafooka, mwana amatopa msanga, amadwaladwala ndipo amakwiya msanga. Mu 2014 komiti ya Olympics ya dziko lonse inapatsa vutoli dzina lakuti RED-S, ndipo inanena kuti limagwiranso anyamata.

Anthu ena amati kusasamba ndi chizindikiro chakuti mtsikana walimba. Si zoona. Mtsikana amene wafika zaka 15 asanayambe kusamba, kapena amene anayamba koma wadutsa miyezi 3 osaona msambo, ayenera kuonedwa ndi namwino kapena dokotala. Ndikudziwa kuti kwathu nkhani zimenezi mayi sakamba ndi mwana wake, zimasiyidwira azakhali kapena anankungwi. Kuno ku Joni azakhaliwo ali kutali, ndiye pasakhale poti aliyense akuyembekezera mnzake. Ngati inu simungathe, pemphani mayi wina amene mwanayo amamukhulupirira, kapena mupite naye kwa namwino n'kuwasiya awiri akambirane.

Pali nkhani inanso ya chovala. Kachovala kothina ka mpikisano kamene sikankamuvuta ali wamng'ono kamayamba kumuchititsa manyazi akakula, makamaka masiku osamba. Ku Laudium, kumene mabanja ambiri ndi Achisilamu ndi Achihindu ndipo Amalawi ambiri amalemekezanso kavalidwe kodzilemekeza, nkhaniyi si yaing'ono. Dziwani kuti mu 2021 atsikana a timu ya Germany anapikisana ku Tokyo atavala chovala chofika mpaka m'mapazi, ndipo malamulo a masewerawa amachilola. Funsani mphunzitsi musanaganize kuti palibe njira ina.

Mantha ndi nkhanza

Ku Tokyo komweko, Simone Biles wa ku America, katswiri woposa onse m'masewerawa, anasiya mpikisano pakati chifukwa maganizo ake sankagwirizananso ndi thupi ali m'mwamba, ndipo akanatha kugwera khosi. Ngati zinachitikira iye, mwana wa zaka 14 amene mwadzidzidzi wayamba kuopa kudumpha sakunamizira.

Mantha ena amachokera kwa anthu. Mu 2018 Larry Nassar, amene anali dokotala wa timu ya America, anamangidwa moyo wake wonse chifukwa chogwirira atsikana ambirimbiri ponamizira kuwachiza. Mu 2022 lipoti la Anne Whyte ku Britain linaonetsa kuti ana ankakalipiridwa, kumanidwa chakudya ndi kukakamizidwa kusewera atavulala. Aphunzitsi ambiri ndi anthu abwino, koma masewera amene wamkulu amagwira thupi la mwana pomuthandiza amafunika maso a makolo. Mwana amene akudandaula m'mimba tsiku lililonse la masewera, amene wasiya kugona bwino, kapena amene sakufuna kutsala yekha ndi munthu wina wake, mufunseni modekha muli awiri, ndipo mukhulupirireni. Nambala ya Childline South Africa ndi 116, ndipo ndi yaulere usana ndi usiku. Lamulo la ana la Children's Act la 2005 limakakamiza aphunzitsi ndi azaumoyo kukanena akaona zizindikiro za nkhanza.

Ndalama ndi sukulu

Zina n'zosabisika. Mwana akakwera gawo, maola amachuluka, malipiro a kalabu amakwera, pamabwera za mipikisano ndi za tekisi, pamene ntchito ya kusekondale nayonso yachuluka. Mwana amene amaona mayi ake akuwerengera malipiro a ntchito ya m'nyumba kuti atumizeko kumudzi amatha kunena kuti masewerawo amutopetsa, pofuna kukupeputsirani katundu. Kambiranani naye za ndalama poyera.

Mukapeza kuti palibe kuvulala, palibe njala yobisa, palibe womuzunza, ndipo mwanayo wangofuna zina, mulekeni asiye mpikisano. Chimene asasiye ndi kugwiritsa ntchito thupi. Bungwe la World Health Organization limalimbikitsa mphindi 60 tsiku lililonse kwa ana a zaka 5 mpaka 17, ndipo kafukufuku wake wa mu 2019 anapeza kuti atsikana 85 mwa 100 alionse sakufikapo. Netibo, kuvina, kusambira ndi kuthamanga zimamulandira bwino mwana amene anazolowera gymnastics.

Popita ku Laudium Community Health Centre, lembani pamene ululu unayambira, maola amene amachita masewera pasabata, zimene amadya patsiku ndi tsiku limene anasamba komaliza. Vuto lofunika kujambula mafupa angakutumizeni nalo kuchipatala chachikulu monga Kalafong ku Atteridgeville. Mwana amene wapitirira zaka 12 ndipo ndi wokhwima maganizo amaloledwa ndi lamulo kuvomera yekha chithandizo, choncho musakhumudwe namwino akapempha kulankhula naye inu mutatuluka.