Nthano Zosadikira Usiku

Pa 1 Okutobala 1992, mumzinda wa Atlanta ku America, Bambo Ted Turner, munthu yemwe zaka 12 m'mbuyomo anazizwitsa anthu potsegula CNN, wailesi ya kanema youlutsa nkhani usana ndi usiku, anatsegulanso ina yotchedwa Cartoon Network, imene ntchito yake inali kuonetsa makatuni okhaokha kuyambira m'bandakucha kufikira m'bandakucha winanso. Isanafike nthawi imeneyo, mwana wa ku America ankadikira Loweruka mamawa kuti aone makatuni mokhuta, ndipo dzuwa likakwera ankatuluka kukasewera, pakuti zoonazo zinali zitatha. Chimene Turner anachita ndicho kuchotsa kudikirako, ndipo ine ndiyesa kuti zokoma ndi zowawa zonse za wailesi imeneyi zinaphuka pa tsinde limeneli.

Mkuluyu sanayambe ndi zatsopano ayi. M'chaka cha 1986 anagula kampani ya mafilimu ya MGM, ndipo ngakhale anaigulitsanso posakhalitsa, anatsala ndi mafilimu ake akale, pamodzi ndi Tom and Jerry, Popeye ndi makatuni oyambirira a Bugs Bunny. Kenaka mu 1991 anagula Hanna-Barbera ndi madola 320 miliyoni, napeza The Flintstones, Scooby-Doo ndi Yogi Bear. Chuma chonsechi chinakwana maola pafupifupi 8,500, kotero kuti ana a m'chaka cha 1992 ankaseka mphaka ndi khoswe omwewo amene agogo awo anawaseka m'nyumba zoonetsera mafilimu.

Koma zakale zili ndi litsiro lake. Ena mwa makatuniwo anajambulidwa m'masiku a tsankho, pamene kunyoza munthu wakuda pomujambula ndi milomo yonyanyira kunkayesedwa nthabwala, ndipo eni wailesi anachita bwino kuwabisa. Chosoketsa mutu chinachitika ndi Speedy Gonzales, kambewa kothamanga kovala chipewa chachikulu cha ku Mexico, kamene anakachotsa poopa kukhumudwitsa anthu a mtundu umenewo. Koma ndi eni ake omwewo amene anadandaula kuti awalanda ngwazi yawo, kufikira kambewako kanabwezedwa mu 2002. Wolira maliro koposa mwini wake amachita manyazi pobwerera.

Oikira kumbuyo wailesiyi ali ndi umboni umene ine sindingaupeputse. Mu 1995, motsogozedwa ndi Fred Seibert, inayambitsa pulogalamu ya What a Cartoon!, m'mene anyamata odziwa kujambula, ena a iwo atangotuluka kumene kusukulu, ankapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri kuti aonetse chimene chili mumtima mwawo, popanda wamalonda kuwaimirira kumsana; ndipo kanthano kamene oonera akakonda kankakuzidwa kukhala pulogalamu yakeyake. M'menemo ndimo munatuluka Dexter's Laboratory ya Genndy Tartakovsky mu 1996, Johnny Bravo mu 1997, The Powerpuff Girls ya Craig McCracken mu 1998, ndi Courage the Cowardly Dog mu 1999. Amene anaonapo Courage akumbukira kagalu kamantha kaja, konjenjemera thupi lonse, kokhala ndi nkhalamba ziwiri m'nyumba ya payokha pakati pa chipululu, kamene chilombo chikafika kamalephera ngakhale kuuwa, koma kamabwererabe kukapulumutsa mayi wokalamba amene anakatola kali kakhanda. Mwana woona zimenezi waphunzira kuti kulimba mtima sikutanthauza kusaopa, ndipo waphunzira popanda womulalikira. Tisaiwalenso pulogalamu ya Toonami, imene kuyambira 1997 inazoloweza ana ambiri makatuni a ku Japan, makamaka Dragon Ball Z.

Odandaula nawo sakulira chabe. Makolo athu ankayamba “Padangokhala” dzuwa litalowa, ntchito zitatha, ndipo ana akavomera “Tili tonse” ankadziwa kuti nthanoyo ili ndi mathero, ndi kuti woisimbayo ndi agogo awo amene mawa lake adzawatuma kumadzi. Koma nthano ya pa kanema ilibe mathero, pakuti ina ikatha ina yayamba kale, ndipo woisimbayo sadziwa dzina la mwana ngakhale mmodzi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pamwamba pa izo pali malonda, amene ndiwo amalipira zonse: Ben 10, amene anayamba mu 2005, ndi nthano ya mnyamata wokhala ndi wotchi yomusandutsa zamoyo za kuthambo, koma wotchi yomweyo inkagulitsidwanso m'masitolo, ndipo kuno kwathu nkhope yake tinaiona pa zikwama za sukulu ndi pa malaya a pakaunjika. Kholo likafunsa ngati katuniyo inapangidwira mwana kapena thumba la bambo wake, lafunsa funso loyenera.

Tsono wailesiyo inali ndi nyengo zake zosokera. Mu 2000 makatuni akale anayamba kusamutsidwira ku wailesi ina yotchedwa Boomerang, ndipo mu 2001 maola a usiku ku America anaperekedwa kwa Adult Swim, ya akuluakulu. Mu 2009 inayesa kuonetsa mapulogalamu a anthu enieni, oonera nanyansidwa nazo. Inadzatsitsimuka ndi Adventure Time ndi Regular Show mu 2010, ndi Steven Universe mu 2013, imene Rebecca Sugar anakhala nayo mkazi woyamba kuyambitsa yekha pulogalamu pa wailesiyi. Koma m'zaka zomwezo Teen Titans Go! inabwerezedwa kosalekeza, masiku ena pafupifupi tsiku lathunthu, chifukwa ndiyo inkakoka oonera. Apa mpamene ine ndiima ndi odandaula, pakuti kudyetsa mwana chinthu chimodzi chifukwa ndicho akulirira ndi ulesi wa wolera.

Kwa ife a kuno, amene wailesi yathu ya kanema inayamba mu 1999 ndipo Cartoon Network inatifikira kudzera pa DStv m'nyumba za okhoza kulipira, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Ana ambiri a m'tauni anatola Chingerezi chosalala kwa Dexter asanakumane ndi mphunzitsi, ndipo makolo ananyadira. Koma ana omwewo ena amagwira njakata polonjera agogo awo. Mu 2017 bungwe loyang'anira mafilimu ku Kenya linaletsa makatuni angapo, kuphatikizapo Adventure Time ndi Steven Universe, ponena kuti akulimbikitsa maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha. Munthu angagwirizane ndi chiletsocho kapena ayi, koma chinaonetsa poyera kuti nthanozi zimalembedwa kutali, ndi anthu a mwambo wina. Zinatenga zaka zoposa 30 kuti wailesiyi ionetse Garbage Boy and Trash Can, ya Ridwan Moshood wa ku Nigeria, mu 2023. Ndipo mlandu wa kuchedwako sungagwere Atlanta yekha, popeza ifenso Kalulu ndi Fisi sitinawajambule mokwanira.

Mu 2022 mwini wake anakhala Warner Bros. Discovery, imene inapangidwa m'chaka chomwecho, ndipo mu 2024 tsamba la Cartoon Network la pa intaneti ku America linatsekedwa. Chimene chikuifooketsa ndi chida chomwe inalasira nacho anzake, pakuti foni ya m'manja ndi YouTube zachotsa ngakhale kudikira kochepa kumene kunatsala, kodikira kuti ola la pulogalamu yako likwane. Poyerekeza ziwirizi ine nditsamira ku wailesi, yolakwa momwemo, chifukwa kumeneko kunali munthu wokhala pampando, wosankha chimene ana aone m'mawa ndi chimene asaone kufikira atagona, amene kholo lokwiya likadatha kumulembera kalata. Pamene pa foni wosankhayo ndi makina owerenga kumene chala cha mwana chakhudza.